Kuyeza mphamvu zotsalira m'chitsulo ndi cheza cha X-ray

Chitsulo chikawotchereredwa, kusulidwa kapena kupalidwa pamakina, sichibwerera mwakale. Pamene panatentha pamafuna kunyala pozizira, koma chitsulo cha m'mbali mwake chimakaniza. Motero m'kati mumatsala mphamvu, ina yokoka, ina yopanikiza, ngakhale palibe katundu wochilemera. Yokoka ndiye yoopsa chifukwa imakanula ming'alu, pomwe yopanikiza imaitseka. N'chifukwa chake opanga magiya ndi masipuling'i a galimoto amawomba dala timipira tachitsulo pa zipangizozo kuti khungu lake likhale lopanikizika.

Makina a X-ray saiona mphamvuyo ayi. Chimene amayeza ndi mpata wa pakati pa mizere ya maatomu. Mu 1912 Max von Laue anaonetsa kuti cheza cha X-ray chimamwazika mwadongosolo chikagunda maatomu ondondozana bwino, ndipo mu 1913 William Henry Bragg ndi mwana wake Lawrence anakhazikitsa lamulo lolumikiza mpatawo ndi ngodya imene chezacho chimabwerera nayo: nλ = 2d sinθ, pomwe d ndi mpata, θ ndi ngodya, λ ndi kutalika kwa funde la chezacho, ndipo n ndi nambala yathunthu. Mpata ukakula, ngodya imachepa. Ukapanikizika, ngodya imakula.

Pa chitsulo wamba amagwiritsa ntchito cheza chochokera ku chromium, cha funde lotalika mananomita 0.229, ndipo chimabwerera pa madigiri pafupifupi 156 (ndiye 2θ). Ngodya yaikulu chonchi amaisankhira dala, poti pamenepo ngakhale kusintha kwakung'ono kwa mpata kumaoneka. Woyeza amapendeketsa mutu wa makina kangapo, n'kumalemba mpata pa kupendekeka kulikonse, komwe amakuimira ndi chilembo cha ψ. Akajambula mipatayo molingana ndi sin²ψ, kawirikawiri pamatuluka mzere wowongoka. Mzere ukamakwera, khungu likukokedwa, ukamatsika, lapanikizika. Kutsetsereka kwake, akakuphatikiza ndi kulimba kodziwika kwa chitsulocho, kumapereka mphamvuyo m'mamegapasikali. Njirayi anaifotokoza Macherauch ndi Müller ku Germany mu 1961, ndipo ku Ulaya imatsata muyezo wa EN 15305.

Chezachi sichilowa patali: m'chitsulo chimangofika mamaikulomita osapitirira 10 kapena cha pomwepo, osakwana n'komwe kunenepa kwa tsitsi limodzi. Ena amati ndi chofooka, koma ming'alu ya kutopa kwa chitsulo nthawi zambiri imayambira pakhungu pomwepo. Vuto lenileni lili m'manja mwa woyeza. Akangokwecha dzimbiri ndi sandipepala kuti pawale, waikapo mphamvu yatsopano, ndipo makina ayeza ntchito ya sandipepalayo. Wofuna kuona za pansi amasungunula khungu pang'onopang'ono ndi mankhwala ndi magetsi, n'kumayeza pa gawo lililonse, kapena amapita kumalo a kafukufuku okhala ndi manyutironi, omwe amaloŵerera masentimita angapo. Chitsulo choumbidwa m'chikombole, chokhala ndi njere zikuluzikulu, chimavutitsa: njere zogwidwa ndi cheza zimachepa, madontho a pa chojambula chija amabalalika, mzere suwongoka.