Zofunika kudziwa posankha pulogilamu ina ya makalata a imelo pa kompyuta

Anthu ambiri ogwira nchito m'maofesi, m'masukulu ndi m'mabizinesi amawerenga makalata a imelo kudzera m'pulogilamu yoikidwa m'kompyuta. Pulogilamu yotere imatenga makalata ku seva, imene ndi kompyuta yaikulu ya kampani yosunga makalatawo, ndi kuwabweretsa m'kompyuta ya mwini wake. Ubwino wake ndi wakuti munthu angathe kuwerenga makalata akale ndi kulemba mayankho ngakhale intaneti itaduka, ndipo mayankhowo amapita intanetiyo ikabwerera.

Vuto ndi lakuti mapulogilamu amenewa sakhalitsa. Kampani ya Qualcomm inaleka kukonza Eudora mu 2006. Outlook Express inathera pa Windows XP, ndipo Windows Live Mail inasiyidwa mu January 2017. Pa 31 December 2024, kampani ya Microsoft inaleka kusamalira pulogilamu ya Mail ya mu Windows 10 ndi Windows 11, ndipo inauza anthu kuti asamukire ku Outlook yatsopano.

Koma makalata a mapangano, malisiti ndi nkhani za nchito amafunika kwa zaka zambiri. Motero wosankha pulogilamu ina ayenera kuyamba ndi mafunso awiri: kodi makalata ake azisungidwa kuti, ndipo kodi adzatha kuwatulutsa tsiku limene pulogilamuyo idzathe?

Kumene makalata amakhala

Pali njira ziwiri zodziwika zotengera makalata ku seva. Yoyamba imachedwa POP3. Njirayi imakokera makalata m'kompyuta imodzi, ndipo kawirikawiri imawafafaniza ku seva ngati mwini wake sanailamule kuti iwasiye. Kompyutayo ikabedwa kapena ikaonongeka, makalata onse amapita nayo.

Yaciwiri ndi IMAP. Njirayi imasiya makalata ku seva, kotero kuti zimene zili m'kompyuta zimafanana ndi zimene zili pa foni. Cofunika kusamala n'cakuti kalata imene yafafanizidwa pa cipangizo cimodzi imacoka paliponse. Malo a ku seva nawonso ali ndi malire. Akaunti yaulere ya Google ili ndi malo okwana 15 GB, ndipo malowo amagawana makalata, zithunzi ndi mafailo ena.

Outlook yatsopano ili ndi kacitidwe kake. Munthu akaikamo akaunti ya kampani ina monga Gmail, makalata ake amadzera m'maseva a Microsoft. Ofesi imene imasunga mbiri za odwala, ana a sukulu kapena makasitomala iyenera kulingalira bwino mfundo imeneyi, popeza lamulo la Data Protection Act la mu 2021 limapatsa mabungwe a muno m'Zambia udindo woteteza mbiri za anthu zimene amasunga.

Kalowedwe ka masiku ano

Kale pulogilamu inali kulowa m'akaunti ndi dzina ndi mau acinsinsi cabe. Google inatseka njira imeneyi pa maakaunti a anthu wamba mu May 2022, ndipo Microsoft inacitanso cimodzimodzi pa Outlook.com mu September 2024. Tsopano pamafunika njira yochedwa OAuth, imene imatsegula tsamba la kampani yeniyeniyo kuti mwini akaunti avomereze yekha. Pulogilamu yakale yosadziwa njirayi imakana kulandira makalata ngakhale mau acinsinsi ali olondola.

Mapulogilamu odziwika

Thunderbird ndi yaulere ndipo imagwira nchito pa Windows, macOS ndi Linux. Inatulutsidwa ndi bungwe la Mozilla, ndipo mtundu wake wa 1.0 unatuluka mu December 2004. Ili ndi kalendala, buku la maadiresi, ndiponso kuyambira mu 2020 ili ndi njira ya OpenPGP yobisira mau a m'kalata kuti wina asawerenge panjira. Imasunga makalata m'mafailo a mtundu wa mbox, amene mapulogilamu ena ambiri amatha kuwerenga.

eM Client imapangidwa ndi kampani ya ku Czech Republic ndipo imagwira pa Windows ndi macOS. Yaulere yake ndi ya nchito za munthu payekha, koma ofesi kapena bizinesi imafunika kulipira.

Apple Mail imabwera kale m'makompyuta a Mac. Evolution ndi ya ogwiritsa nchito Linux, ndipo kayalidwe kake kamafanana ndi ka Outlook yakale. Claws Mail ndi yopepuka, motero imayenerera makompyuta akale amene mphamvu zao ndi zocepa, ngakhale kuti imafuna munthu wodekha poikonza koyamba.

Zocita posamuka

Asanacotse pulogilamu yakale, munthu ayenera kukopera makalata onse pa flash disk kapena pa hard drive yapadera. Outlook yakale imasunga makalata m'failo ya PST, imene Thunderbird siitsegula mwacindunji. Njira yosavuta ndi kukweza makalatawo ku akaunti ya IMAP, kenaka pulogilamu yatsopano iwatenge kumeneko. Nchitoyi imadya data yambiri, conco ndi bwino kuicita pamalo pamene pali intaneti yosawerengera mabandulo.

Buku la maadiresi limatulutsidwa palokha, m'failo ya CSV kapena vCard. Pulogilamu yatsopano iyenera kutengedwa pa tsamba la eni ake okha, popeza makope opezeka kwina angakhale ndi mavairasi.

Pomaliza, ndi nzeru kusunga mapulogilamu onse awiri kwa masabata angapo, kuyesa kutumiza ndi kulandira, ndi kufunafuna makalata ena akale. Onse akapezeka, m'pamene pulogilamu yakale ingacotsedwe.