Nkhuni, Ufa ndi Dizilo: Mbiri ya Kamba wa Sitima Zankhondo

Ife a kuno ku Likuni, ku Mitundu ndi ku Nathenje ndife anthu a kumtunda, ndipo ambiri mwa makolo athu anatsikira kuli chete asanaone nyanja ndi maso. Komabe masiku ano mwana wobadwira m'midzi yomweyi, akapeza kompyuta, akhoza kukhala, m'gemu, kapitawo wa sitima yankhondo yoyenda pansi pa madzi, namayang'ana muvi wa mafuta ukutsika pamene doko la kwawo lili kutali. Akuluakulu ena amati n'chibwana chabe, koma funso limene gemuyo imafunsa mwanayo, lakuti kodi mafuta ali m'thankiwa akamufikitsa pati ndipo adzabwera naye bwanji, ndi funso lakale ndithu, limene linavutitsa amuna a ndevu pa nyanja yathu yomwe ino kompyuta isanalotedwe n'komwe.

Sitima zoyamba kulowa m'madzi a dziko lino zinali zoyendera nthunzi, ndipo chakudya chake chinali nkhuni. Ma Robert, imene David Livingstone anakwera nayo mtsinje wa Zambezi mu 1858 ndi wa Shire chaka chotsatira, inali yosusuka kotero kuti anthu ake ankathera nthawi yambiri ali ndi nkhwangwa m'manja kuposa imene ankayenda. Ilala yoyamba, imene anthu amtengatenga anaisenza zidutswazidutswa kulambalala mathithi a Shire, inalowa m'nyanja mu October 1875. Pambuyo pake panabwera Charles Janson mu 1885, ndi Chauncy Maples mu 1901, zonse ziwiri za mishoni ya UMCA. Popeza nyanjayi ndi yotalika makilomita oposa 550, ndipo sitima ikadzaza nkhuni zokha malo a katundu ndi anthu amasowa, panakhazikitsidwa madoko otengerapo nkhuni, kumene anthu a m'midzi ankadula mitengo, naiunjika m'mamendulo m'mbali mwa madzi kudikira kulira kwa wezulo. Mlimi wa fodya wa ku Mitundu, amene amadziwa kuti balani ikayatsidwa moto suyenera kuzima mpaka tsamba litapsa, angamvetse mtima wa woyendetsa sitima amene mwera wamutsekereza pakati pa madoko awiri mulu wa nkhuni ukunka nuchepa.

Nkhondo ya Chiwaya itabuka mu 1914, nkhani ya nkhuniyi inasanduka ya moyo ndi imfa. Pa 13 August chaka chimenecho, sitima ya boma la atsamunda yotchedwa Guendolen, motsogozedwa ndi Kapitawo Rhoades, inapeza sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, itakokeredwa pamtunda kuti ikonzedwe ku Sphinxhaven, kumene lero kumatchedwa Liuli m'dziko la Tanzania. Anaiombera, naigwira, pamene kapitawo wake Berndt, amene anali bwenzi la Rhoades, anali asanamve n'komwe kuti kunja kwagwa nkhondo. Mabuku amakonda kusimba nkhaniyi moseketsa, koma phindu lake linali lalikulu, pakuti kuyambira tsikulo nyanja yonse inali m'manja mwa mbali imodzi, ndipo asilikali amene anamenya nkhondo ya ku Karonga mu September anapita kumeneko pa sitima.

Koma pamene madzi athera, injini inali munthu. Anthu pafupifupi 200,000 a dziko lino analembedwa, ambiri mokakamizidwa, kuti akhale amtengatenga, ndipo masamu a ulendo wawo anali ankhanza kuposa a sitima iliyonse. Munthu wosenza thumba la ufa ayenera kudya tsiku ndi tsiku, ndipo chimene adye chichokera m'thumba lomwelo kapena la mnzake woyenda pambuyo pake. Chotero ulendo ukatalika, gawo lalikulu la katundu limathera m'mimba mwa osenzawo, popita ndi pobwerera pomwe, kufikira poti kuti msilikali mmodzi adye kutsogoloko pafunika mzere wa anthu ambiri kumbuyo. Akuluakulu a nkhondo atalephera masamu amenewa, anachepetsa phoso, ndipo anthu anagwa m'njira ndi njala ndi kamwazi. Ndinena mosabisa kuti pa mbiri yonse ya mafuta a nkhondo, tsamba ili ndilo liyenera kuwerengedwa moweramitsa mutu.

Pofika Nkhondo Yachiwiri, dizilo anali atalowa ufumu, ndipo sitima zoyenda pansi pa madzi za Ajeremani, zotchedwa U-boat, ndizo zinaonetsa poyera kuti kuthamanga sikufika. Ya mtundu wa VIIC, imene inapangidwa yambiri kuposa ina yonse, inkanyamula mafuta okwana matani 113. Ikamayenda pamwamba pa madzi modekha, pa liwiro la makilomita 18 pa ola, inkatha kudula makilomita 15,700. Koma ikathamangitsidwa mphamvu zake zonse, siinkafika ngakhale theka la mtunda umenewo, chifukwa madzi amakaniza kwambiri liwiro likamakwera. Ikamira, injini za dizilo zinkazimitsidwa poti zimafuna mpweya, n'kutsala mabatire okha, amene pa liwiro la munthu woyenda ndawala ankatha atayenda makilomita 150, pafupifupi mtunda wa pakati pa Lilongwe ndi Ntcheu. Pamenepo sitima inkayenera kuvuuka usiku kuti injini zidzazenso mabatirewo, ndipo kudzazako kunkadyanso dizilo yemwe uja.

Pofuna kutalikitsa mkono wawo, Ajeremani anapanga sitima khumi za mtundu wa XIV, zimene iwo eni ankazitcha ng'ombe zamkaka, zonyamula mafuta owonjezera matani oposa 400 oti ziyamwitse zinzake pakati pa nyanja. Imodzi mwa izo, U-459, ndiyo inamwetsa gulu limene linamiza sitima zambiri kufupi ndi Cape Town mu October 1942. Chaka chomwecho sitima zoyenda pansi pa madzi za Ajapani, zothiridwa mafuta ndi sitima zawo zazikulu, zinamiza sitima zoposa 20 m'madzi a pakati pa Mozambique ndi Madagascar, njira yomwe katundu wa Nyasaland wodzera ku Beira ankadutsa. Mangerezi ndi Amereka anazindikira kuti kulondola mwana wa ng'ombe mmodzimmodzi n'kutaya nthawi. Pomasulira mauthenga achinsinsi a adani awo, anasaka amayi ake. Ng'ombe zamkaka zonse khumi zinamizidwa, ndipo m'nyanja ya Indian Ocean sitima za mafuta za Ajeremani, Charlotte Schliemann ndi Brake, nazonso zinamira mu February ndi March 1944, kusiya akapitawo ena akugawana madontho ngati anamwali aja a m'fanizo amene nyali zawo zinayamba kuzima mkwati asanafike. Mu 1955 sitima ya Amereka yotchedwa Nautilus inayamba kuyendera mphamvu ya nyukiliya, ndipo malire a ulendo anabwerera kumene anali m'masiku a mtengatenga, ndiko kuti chakudya cha anthu okhala m'katimo.

Magemu anatola mbiri imeneyi pang'onopang'ono. Silent Service ya Sid Meier inatuluka mu 1985, koma imene inatchuka pa kulondola zinthu monga zinalili ndi Silent Hunter III ya kampani ya Ubisoft, ya mu 2005. M'menemo wosewera amasankha yekha ngati mafuta akhale osatha kapena owerengeka. Akasankha owerengeka, amajambula njira yake pa mapu, nafunsa woyang'anira ulendo kuti pa liwiro limeneli afika pati, ndipo yankho limasintha nthawi iliyonse akakankha injini. Wothamangitsa gulu la sitima za adani masiku awiri mosaleza amadzaona kuti wapambana nkhondo koma njira yobwerera yamutalikira. Apa m'pamene mwambi uja woti fodya wako ndi amene ali pamphuno umagwira ntchito, pakuti mafuta odalirika ndi okhawo amene ali m'thanki.

Pa nyanja yathu nkhuni zinalekeka mochedwerapo: Ilala yachiwiri, yoyendera dizilo, inayamba ntchito mu 1951, ndipo Chauncy Maples inaikidwa injini ya dizilo mu 1967. Mitengo ya m'mbali mwa nyanja inapumako, koma kamba wa sitima, amene kale ankadulidwa ndi nkhwangwa kuseri kwa mudzi, tsopano ayenera kugulidwa ndi ndalama zakunja n'kudzera ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam. Amene anagona pa mizere ya mafuta mu 2011 akudziwa tanthauzo lake, ndipo wakabaza wa pa Nathenje, amene amagwedeza njinga yake kuti amve petulo watsala m'thanki asanavomere ulendo wa kumidzi, amachita masamu omwewo m'mawa uliwonse. Tsono inu makolo, mukapeza mwana ali pa gemu yotereyi, musafulumire kumulanda. Ingomuuzani kuti asankhe mafuta owerengeka, ndipo akufotokozereni mmene abwerere kudoko.