Sir Robert Tredgold: Woweruza Amene Anatula Mpando

Pakati pa Azungu amene analamulira Southern Rhodesia ndi owerengeka okha amene anasiya mpando waulemu cifukwa ca cikumbumtima. Mmodzi wa iwo ndiye Robert Clarkson Tredgold.

Iye anabadwira ku Bulawayo m'caka ca 1899. Atate wace anali munthu wa malamulo, ndipo mai wace anali mdzukulu wa Robert Moffat, mpongozi wa David Livingstone, dzina limene ku Nyasaland analidziwa ndi ana omwe. Mnyamatayo analowa usilikali m'caka ca 1918, nkhondo yoyamba iri pafupi kutha. Pambuyo pace anakaphunzira malamulo ku Oxford, nabwerera kwao kudzagwira nchito yoimira anthu pa milandu.

M'caka ca 1934 anthu a ku Insiza anamsankha kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo, ndipo m'caka ca 1936 Godfrey Huggins anamuika kukhala nduna yoyang'anira milandu ndi asilikali. Nkhondo yaciwiri inampeza pa mpando umenewo, ndipo gulu la Rhodesian African Rifles linakhazikitsidwa m'caka ca 1940 iye ali nduna. Anakhala woweruza mu 1943, mkulu wa oweruza a dzikolo mu 1950, ndi mkulu wa bwalo lalikulu la Citaganya mu 1955, kumene milandu ya maiko onse atatu inali kupita.

Koma caka cimene cinamuyesa ndico 1960. M'mwezi wa July munabuka cipolowe ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ndipo anthu acikuda anaphedwa ndi mfuti. Boma la Sir Edgar Whitehead linayankha ndi lamulo lochedwa Law and Order (Maintenance) Act, lopatsa apolisi mphamvu zoletsa misonkhano, ndi kumanga manja a oweruza powaikiratu zilango zowawa. Tredgold anaona kuti lamulo lotere lidzasandutsa bwalo la milandu kukhala cikoti ca Boma. Pokhala woweruza sakanatha kulitsutsa poyera. Motero m'mwezi wa November anatula mpando wace, natsutsa.

Kunena zoona, iye sanali munthu wofuna kuti ulamuliro upite msanga kwa anthu ambiri. Bungwe limene analitsogolera mu 1957 linasiyabe cisankho m'manja mwa a cuma ndi a maphunziro. Ndiponso kutula kwace sikunaletse kanthu: Azungu anzace sanamtsate pamene anafuna kupanga boma la magulu onse, ndipo lamulolo linavomerezedwa. Iye anamwalira mu 1977.

Lamulolo linatsala. Boma la Ian Smith linamanga nalo anthu ambirimbiri, ndipo boma la Robert Mugabe linalisunga. Anthu a ku Seke, Zengeza ndi St Mary's, midzi imene inagwirizana mu 1978 kukhala Chitungwiza, kumene kuli zidzukulu zambiri za amacona a ku Nyasaland, anakhala pansi pace kufikira caka ca 2002.