Mfuti Zimene Sizidalire ku St. Louis

Pa 28 June 2020, khamu la anthu ochita zionetsero lidadutsa pakhomo pa Mark McCloskey ndi mkazi wake Patricia, maloya a mumzinda wa St. Louis, ku Amereka. Awiriwo adatuluka mfuti zili m'manja, koma sadaombe ngakhale chipolopolo chimodzi. Iwo adati ankadzitchinjiriza. Oimira boma pa milandu sadamve zimenezo, pakuti ku Missouri kuonetsa chida moopseza anthu ndi mlandu pawokha.

Mu June 2021 adavomera milandu yocheperapo: mwamunayo adalamulidwa kulipa madola 750, mkaziyo 2,000, ndipo mfuti adalandidwa. Bwanamkubwa Mike Parson adawakhululukira mu July. Komabe nkhani sidathere pomwepo, chifukwa mu 2022 khoti lalikulu la Missouri lidawachenjeza kuti akalakwanso chisanathe chaka, adzaimitsidwa ntchito yauloya.