Ndege ya Injini Ziŵiri ndi Ulendo wa Maola 22

M'nkhani yathu ya lero tifuna kuyankha funso ili: kodi ndege ya injini ziŵiri, itamwetsedwa mafuta mpaka matanki kudzaza, koma osanyamula apaulendo kapena katundu, ingauluke mtunda wautali bwanji isanatere?

Tisanayankhe, tiyambe tabwerera m'mbuyo pang'ono. Kale injini za ndege zinali kuwonongeka kaŵirikaŵiri, ndipo ndege ya injini ziŵiri ikafa injini imodzi pakati pa nyanja, miyoyo ya anthu onse inali kudalira injini yotsalayo. Chifukwa cha ichi, m'chaka cha 1953 boma la America linakhazikitsa lamulo lakuti ndege zotere zisamatalikire bwalo loti nkuterapo ndi ulendo woposa mphindi 60. Motero maulendo a pa nyanja zikuluzikulu anasiyidwa m'manja mwa ndege za injini zitatu kapena zinayi, monga Boeing 707 ndi Boeing 747.

Injini zitayamba kudalirika, lamulolo linafeŵa. M'chaka cha 1985 malire anafika pa mphindi 120, ndipo ndege ya kampani ya TWA, ya mtundu wa Boeing 767, inawoloka nyanja ya Atlantic kuchoka ku Boston kunka ku Paris. Pamene Boeing 777 inayamba kunyamula anthu mu 1995, inali italoledwa kale mphindi 180.

Yankho la funso lathu lija linapezeka m'chaka cha 2005. Usiku wa pa 9 Novembala, ndege ya mtundu wa Boeing 777-200LR inanyamuka ku Hong Kong kunka ku London, motsogozedwa ndi mayi Suzanna Darcy-Hennemann. Ndege imene ingathe kunyamula anthu pafupifupi 300 inatenga anthu 35 okha. Njira yachidule yopita ku London ili cha kumadzulo, koma iwo analoŵera dala kum'maŵa. Anawoloka nyanja ya Pacific, dziko la America ndi nyanja ya Atlantic, naona dzuŵa likutuluka kaŵiri ali m'mlengalenga. Anatera pa bwalo la Heathrow pa 10 Novembala atauluka maola 22 ndi mphindi 42, mtunda wa makilomita 21,601. Kuzungulira dziko lonse lapansi ndi makilomita pafupifupi 40,000, choncho ndegeyi inapyola theka la mtunda umenewu osatera paliponse.

Nanga nchifukwa ninji anasiya mipando yambiri yopanda anthu? Taganizani za munthu wosenza thumba la chimanga: iye amatopa msanga kuposa mnzake woyenda chimanjamanja. Ndege nayo ikalemera imamwa mafuta ambiri. Ndiponso ndege iliyonse ili ndi malire a kulemera kumene inganyamuke nako, kotero kuti anthu ndi katundu akachuluka, mafuta ayenera kuchepa. Mafutawo nawonso ndi katundu wolemera. Akamatha, ndege imapepuka ndi kukwera m'mwamba kwambiri, kumene mpweya uli wopyapyala ndipo injini zimamwa pang'ono. Kuloŵera kum'maŵa kunathandizanso, pakuti m'mwambamo muli mphepo yamphamvu yochokera kumadzulo imene imakankha ndege kumbuyo kwake.

Komabe kampani singapindule ndi ndege yopanda anthu. Nchifukwa chake pamene Singapore Airlines inayamba kuulutsa Airbus A350 ya injini ziŵiri kuchoka ku Singapore kunka ku Newark mu 2018, ulendo wa makilomita oposa 15,000, inaikamo mipando 161 yokha. Pa ulendo wautali chotere, kilogalamu iliyonse ya munthu kapena katundu imapikisana ndi kilogalamu ya mafuta.

Tsono mukadzakwera ndege ya injini ziŵiri yowoloka nyanja, mudzakumbukire kuti panapita zaka 32, kuyambira 1953 mpaka 1985, ndege zotere zisanaloledwe kutalikira bwalo ndi maola aŵiri. Kwa lero tilekeze pomwepa. Tsalani bwino.