Amisiri a Magetsi a Galimoto ku Kitwe ndi Ndola

Ntchito yokonza magetsi a galimoto m'matauni a Copperbelt inakulira limodzi ndi migodi ya kopa. Ndola inayamba ngati boma mu 1904 ndipo njanji inafikako mu 1909, pamene Kitwe inakhazikitsidwa mu 1936 pambali pa mgodi wa Nkana. Amuna ambiri ochokera ku Nyasaland ndi ku Fort Jameson, komwe lero ndi Chipata, anakagwira ntchito kumeneko, koma kwa zaka zambiri umisiri unkasungidwira azungu, moti munthu wakuda ankangopatsira zipangizo ndi kunyamula mabatire, ndipo luso lake ankalitola ndi maso.

Zinthu zinasintha Zambia italandira ufulu mu 1964, pamene achinyamata anayamba kuphunzira umakaniko m'magalaja a migodi komanso pa Northern Technical College ku Ndola. Komabe mphunzitsi wamkulu wa amisiriwa anali kusowa. Boma la Ian Smith litadzilengezera ufulu ku Rhodesia mu 1965, mafuta ndi katundu zinayamba kubwera pa malole kuchokera ku Dar es Salaam, pamsewu woipa umene unkagwedeza ndi kumasula chilichonse chomangidwa pagalimoto. Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, ndalama zakunja zogulira masipeyala zinachepa kwambiri, kotero mmisiri anaphunzira kumasula sitata kapena alutaneta, makina amene amadzaza batire injini ikamayenda, n'kukulungamo waya watsopano m'malo mozitaya.

Pa mavuto onse, limene linkasiyanitsa mmisiri weniweni ndi wongoyerekeza ndi vuto la apo ndi apo, lomwe limaoneka pamsewu koma n'kubisala galimoto ikangofika pagalaja. Nyale zimaphethira pokhapokha podutsa m'maenje, kapena injini imazima ikatentha n'kulira bwinobwino ikazizira. Gwero lake kawirikawiri limakhala laling'ono: waya woduka m'kati pamene chikopa chake chili chathunthu, polumikizira pomasuka, kapena ethi yochita dzimbiri. Ethi ndi waya wolumikiza batire ku chitsulo cha galimoto, ndipo popeza magetsi onse amabwerera kudzera m'chitsulocho, dzimbiri lochepa pamalo amodzi limatha kusokoneza ziwalo zingapo zosagwirizana. Ku Copperbelt dzimbirilo linkafulumira chifukwa cha mvula ya Novembala mpaka Epulo, komanso utsi wa salifa wochokera kosungunulira kopa, umene anthu a kumeneko amautcha senta.

Njira yofufuzira vutoli inkayamba ndi mafunso kwa dalaivala, kuti adziwe ngati limadza kukagwa mvula, injini ikatentha, kapena pamsewu wa mabampu. Kenaka mmisiri ankatenga tesita, yomwe nthawi zambiri inali babu lomangirira ku mawaya awiri, ndipo wothandizira ankagwedeza mtolo wa mawaya chigawo ndi chigawo mpaka babulo litaphethira. Ubwino wa babu ndi wakuti limakoka magetsi, choncho limaulula waya wotsala ndi ulusi umodzi, umene mita ingathe kuuonetsa ngati wabwino. Panalinso chizolowezi choipa chobadwa m'nyengo yomweyo, chomanga waya pamalo pa fyuzi yopsa, chimene chimachotsa chitetezo ndipo shoti ikachitika chimatha kuotcha galimoto yonse.

Boma la Frederick Chiluba litamasula malonda kuyambira mu 1991, magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, monga Toyota Corolla ndi maminibasi a Hiace, anadzaza misewu ya Kitwe ndi Ndola. M'zaka zomwezo kampani ya migodi ya ZCCM, imene inapangidwa mu 1982, inachotsa antchito ambiri pamene migodi inkagulitsidwa mpaka mu 2000, ndipo ena mwa amisiri ake anayamba kudzigwirira ntchito m'makomboni ndi m'mbali mwa misika. Ambiri mwa magalimoto ochokera ku Japanwa ali ndi kompyuta imene imasunga chizindikiro cha vuto, ndipo makina owerengera zizindikirozo athandiza kwambiri. Koma chizindikiro chimangotchula dera limene magetsi anasokonekera, osati malo enieni amene waya wadukira, ndipo eni magalimoto ambiri amagula sensa yatsopano pamene vuto linali polumikizira pake. Mpaka lero malo odukawo amapezeka ndi dzanja la mmisiri wodekha amene amatsata waya kuchokera ku batire mpaka kumapeto kwake.