Malimidwe ndi Magombe a Mitsinje ku Nyasaland

Lamba wa zomera m'mbali mwa mtsinje, ndiye kuti mitengo monga mikuyu, katope ndi mbawa pamodzi ndi bango ndi nsungwi zosiyidwa osadula pakati pa munda ndi madzi, amagwira dothi ndi mizu yake ndipo amasefa matope mvula ikamakokolola nthaka. Boma la atsamunda linayamba kulowerera pa nkhaniyi ndi lamulo losamalira zachilengedwe la 1946, ndipo njala ya 1949 itapha anthu ambiri kum'mwera, bwanamkubwa Geoffrey Colby anakhwimitsa malamulo amene anthu anawatcha malimidwe, omwe ankakakamiza kuunda mizere yopingasa, kumanga migula ndi kusiya kulima m'mphepete mwa mitsinje.

Cholinga chinali chabwino, koma kachitidwe kake kanali kankhanza, pakuti wolephera ankalipitsidwa chindapusa kapena kuponyedwa m'ndende. Atsamunda sanalabadire kuti dimba, munda wa m'chilimwe wa pa dothi lonyowa la m'mbali mwa mtsinje, ndi lomwe linkapatsa banja chimanga chachiwisi, maungu ndi mpiru nkhokwe zikayamba kupepuka. Mkwiyo wa alimi unalimbikitsa chipani cha Nyasaland African Congress, moti pomwe dziko linkalandira ufulu mu 1964 n'kuti kukakamizako kutazilala kale.

Chiwerengero cha anthu chitakula, khasu linafika mpaka m'madzi, ndipo matope ochokera m'mitsinje yothira mu Shire masiku ano amadzaza damu la ku Nkula, kumene magetsi anayamba kupangidwa mu 1966, n'kuchepetsa mphamvu ya makina.